Mchenga wa M'matope ndi Anamondwe Amene Palibe Anawalemba

Mu Seputembala 1979 namondwe wotchedwa Frederic anagwera gombe la Alabama, kum'mwera kwa dziko la America, ndi mphepo yothamanga makilomita oposa 200 pa ola. Pafupi ndi tauni ya Gulf Shores pali dziwe lalikulu lotchedwa Lake Shelby, limene limalekanitsidwa ndi nyanja ya mchere ya Gulf of Mexico ndi kamtunda kopapatiza ka milu ya mchenga. Usiku umenewo nyanja inafufuma, mafunde analumpha milu ija, ndipo mchenga woyera wa pagombe unakankhidwira m'dziwemo n'kukayalika pansi, pamwamba pa matope akuda. Mphepo italeka, anthu anatanganidwa ndi kukhoma madenga atsopano, pamene m'dziwe muja masamba ovunda ndi fumbi zinapitiriza kudikha pang'onopang'ono mpaka mchengawo unakwiririka.

Patapita zaka zingapo, Kam-biu Liu wa ku Louisiana State University ndi mnzake Miriam Fearn anazika mapaipi pansi pa dziwelo n'kuzula matope. Chapamwamba anaupeza mchenga wa Frederic, ndipo unali m'mapaipi okhawo amene anazikidwa kufupi ndi gombe. Koma kunsi kwake kunali mizere ina ya mchenga, yakale kwambiri, imene inafika mpaka chapakati pa dziwe, kumene mchenga wa Frederic sunafike n'komwe. Mu 1993 awiriwa analengeza kuti mizereyo inasiyidwa ndi anamondwe amphamvu kuposa Frederic, amene ankafika pamalopo pafupifupi kamodzi pa zaka 600. Ntchito imeneyi ndiyo inatsegula njira ya phunziro limene katswiri wa zanyengo Kerry Emanuel analitcha paleotempestology, lofufuza anamondwe a makedzana.

Nkhaniyi inandigwira mtima chifukwa imakhudza funso limene aliyense womanga mlatho, doko kapena chipatala pafupi ndi madzi ayenera kuliyankha asanakumbe maziko, lakuti chimphepo kapena chigumula choopsa kwambiri chimene chingafike pamalopo n'chachikulu motani ndipo chimabwera kangati. Mainjiniya ndi makampani a inshuwalansi amakonda kunena za namondwe wa kamodzi pa zaka 100 kapena pa zaka 500, chonsecho kaundula wa anamondwe a m'nyanja ya Atlantic amene boma la America limasunga anayambira mu 1851. Zaka zoyambirira za kaundulayo n'zoperewera, popeza namondwe ankalembedwa pokhapokha akakumana ndi sitima imene yapulumuka n'kukafika padoko, kapena akagwera pamalo pamene panali anthu osunga zolemba. Ndege zinayamba kulowa dala m'kati mwa anamondwe cha mu 1943 ndi 1944, ndipo setilaiti yoyamba yojambula mitambo bwinobwino inakwera mu 1960. Ndiye kuti chinthu chimene akuti chimabwera kamodzi pa zaka 500 anthu achiyang'anira mokwanira kwa zaka zosafika n'komwe 100. Pa gombe limodzi, m'zaka zochepa chotero, namondwe woopsa kwambiri akhoza kusafikako ngakhale kamodzi, anthu n'kumaganiza kuti malowo ndi otetezeka.

Ntchito yozula matope ndi yauve komanso yolemetsa. Ofufuza amamanga thandala pamwamba pa mabwato awiri, amaliimika pakati pa dziwe ndi anangula, kenaka amaimiritsa paipi ya aluminiyamu ya mtundu wa ulimi wothirira, yotambalala pafupifupi masentimita 8. Kumtunda kwa paipiyo amamangirirako makina onjenjemera, omwe aja omanga amatsendera konkire, ndipo kunjenjemerako kumachititsa kuti paipi imire m'matope mamita angapo. Ikakana kulowa, amaidzaza madzi kumtunda n'kuitseka kolimba kuti matope asapulumuke poizula, ndipo amaikoka ndi tcheni, ntchito imene imatha kuwatengera nthawi yaitali kuposa kuzika. Ku labotale paipiyo amaicheka m'litali mbali zonse ziwiri, amadutsitsa waya pakati pa matope, n'kuitsegula kukhala magawo awiri. Chimene chimaoneka ndi matope akuda bii, a fungo la mazira ovunda, ndiyeno mwadzidzidzi mzere woyera wa mchenga, mwina wochindikala masentimita angapo, mwina mamilimita ochepa chabe. Kunsi kwa mzerewo malire amakhala akuthwa, chifukwa mchenga unafika tsiku limodzi mwaukali, pamene kumtunda kwake umasakanikirana ndi matope pang'onopang'ono, malinga ndi mmene dziwe linkabwererera mwakale. Amene anakumbapo chitsime m'dimba la m'mbali mwa mtsinje amazidziwa kale zimenezi, popeza khasu limadutsa dothi lakuda, kenaka mchenga umene mtsinje unataya chaka chimene unasefukira, kenaka dothi lakuda kachiwiri.

Maso okha sakwanira. Matope amawadula sentimita imodzi imodzi, chidutswa chilichonse amachiumitsa, amachitentha m'ng'anjo pa madigiri 550 kuti zovunda zipse, n'kuchisefa kuti aone kuchuluka kwa mchenga wotsala. Pa maikulosikopu amafufuza tizigoba ta tizamoyo totchedwa foraminifera, popeza mitundu ina ya tizamoyoti imakhala kunyanja yakuya kokha, ndipo ikapezeka pansi pa dziwe la kumtunda ndiye kuti pali chimene chinainyamula.

Mzere wa mchenga wopanda chaka ulibe phindu, choncho mbali yaikulu ya ndalama ndi nthawi imathera pa kupeza zaka. Tsamba, njere kapena kachitsotso kopezeka pansi penipeni pa mchenga amakapima kaboni-14, amene theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse, kotero kuti kuchuluka kwa wotsalayo kumasonyeza zaka zimene zapita. Matope a zaka 100 kapena 150 zapitazi amawapima ndi lead-210, amene theka lake limatha pa zaka pafupifupi 22. Palinso chizindikiro chimene anthu anachisiya okha mosadziwa. Mabomba a nyukiliya amene ankayesedwa mumlengalenga anamwaza cesium-137 padziko lonse, ndipo fumbilo linagwa lambiri mu 1963, chaka chimene America, Britain ndi Soviet Union anagwirizana zoleka kuyesa mabomba mumlengalenga, kotero kuti pamene cesium wachuluka kwambiri m'paipi, ofufuza amalembapo 1963. Kumpoto chakum'mawa kwa America amagwiritsanso ntchito mungu wa zomera, chifukwa atsamunda a ku Ulaya atagwetsa nkhalango n'kutsegula minda, mungu wa mitengo unachepa m'matope ndipo wa udzu wa m'minda unachuluka.

Chimene chinandikhutiritsa ine kuti njirayi si yongopeka ndi kafukufuku wa Jeffrey Donnelly, amene tsopano ali ku Woods Hole Oceanographic Institution, pa dambo la mchere la Succotash ku Rhode Island. Dera limenelo lili ndi zolemba zakale kuposa madera ambiri a ku America, ndiye zinali zotheka kuyerekeza matope ndi mabuku. Mu 2001 Donnelly ndi anzake anaonetsa kuti mizere ya mchenga ya pamwamba inkagwirizana ndi namondwe Carol wa 1954, ndi namondwe wa pa 21 Seputembala 1938 amene anapha anthu pafupifupi 600, ndi wa 1815, ndiponso ndi wa m'zaka za m'ma 1630, nthawi imene bwanamkubwa William Bradford wa ku Plymouth analemba za chimphepo cha mu Ogasiti 1635 chimene chinazula mitengo yosawerengeka. Kunsi kwa mizere imeneyi kunali ina ya zaka za m'ma 1300 ndi 1400, imene palibe buku limene linailemba. Ngati mizere ya pamwamba ikugwirizana ndi zolembedwa, pali chifukwa chabwino chokhulupirira ya pansi.

Zimene matope aulula n'zosautsa kwa aliyense wodalira kaundula wa 1851. Mu 2000 Liu ndi Fearn anatulutsa zotsatira za dziwe la Western Lake, kumpoto chakumadzulo kwa Florida. Pa zaka 3,400 zapitazi anawerenga anamondwe oopsa 12, koma sanabwere motalikirana mofanana. Pafupifupi onse anabwera pakati pa zaka 3,400 ndi 1,000 zapitazo, ndipo zaka 1,000 zomalizirazi zinali zabata. Malinga ndi kuwerengetsa kwawo, m'nyengo yaukali ija mwayi woti namondwe wotere afike pamalopo m'chaka chimodzi unali wochuluka kasanu kuposa m'nyengo yabatayi. Tanthauzo lake n'lakuti mizinda yonse ya m'gombe limenelo, mahotela ake ndi misewu yake, inamangidwa m'nyengo yabata, ndipo miyezo ya kamangidwe inatengedwa kuchokera m'nyengo yomweyo. Awiriwa anafotokoza kuti kusinthaku kunadza chifukwa cha kusuntha kwa chigawo cha mpweya wopanikizika chotchedwa Bermuda High, chimene chimatsogolera anamondwe, mwakuti chikatsikira kum'mwera chakumadzulo chimawakankhira ku Gulf of Mexico, ndipo chikakwera kumpoto chakum'mawa amakhotera kugombe la kum'mawa kwa America.

Kafukufuku amene ndimamuona wofunika kwambiri kwa ife a ku Africa ndi wa pachilumba cha Vieques ku Puerto Rico, amene Donnelly ndi Jonathan Woodruff anasindikiza m'magazini ya Nature mu 2007. Matope a m'dziwe la Laguna Playa Grande anasunga mbiri ya zaka pafupifupi 5,000, ndipo nawonso anaonetsa zaka mazanamazana zaukali zosinthana ndi zaka mazanamazana zabata. Ofufuzawa anayerekeza mbiriyo ndi matope a m'nyanja ina ya m'mapiri a ku Ecuador, amene amasonyeza zaka za El Niño (kufunda kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza nyengo m'madera ambiri), komanso a m'nyanja ya Ossa ku Cameroon, amene amasonyeza kuchuluka kwa mvula. Anapeza kuti anamondwe ankachuluka ku Caribbean pamene El Niño ankabwera mwa apo ndi apo ndipo mvula ya kumadzulo kwa Africa inali yamphamvu. Zifukwa zake n'zodziwika. El Niño amalimbitsa mphepo ya m'mwamba pa nyanja ya Atlantic, ndipo mphepoyo imadula namondwe pakati asanakhwime. Kumbali inayo, anamondwe ambiri aakulu a ku Atlantic amayamba ngati mitambo ya mabingu pamwamba pa Africa, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, n'kuyenda chakumadzulo mpaka kugwera m'nyanja pafupi ndi zilumba za Cape Verde. El Niño yemweyo amene anaumitsa chimanga kuno ku Malawi mu 2016 ndi 2024 ndi amene kawirikawiri amapumitsa anthu a ku Caribbean.

Pali ena amene amatenga zotsatira zimenezi n'kumati popeza anamondwe oopsa analipo kalekale mafakitale asanabwere, ndiye kuti kutentha kwa dziko kulibe kanthu. Maganizo amenewa ine sindigwirizana nawo, ndipo matopewo sakunena zimenezo. Namondwe amafuna madzi ofunda pafupifupi madigiri 26 kapena kuposa kuti abadwe, mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chochuluka ndi 7 peresenti, ndipo madzi a m'nyanja za mchere akwera ndi masentimita pafupifupi 20 kuyambira mu 1900, zimene zimapatsa mafunde poyambira papamwamba. Matope akungoonjezera kuti, ngakhale popanda zonsezi, nyengo payokha imatha kubweretsa zaka mazana angapo zoipa kuposa zimene makolo a anthu a m'magombewo anaziona. Dziwe la Salt Pond ku Massachusetts, limene Donnelly ndi anzake analifotokoza mu 2015, linaonetsa nyengo ziwiri zotero m'zaka 2,000, ina kuyambira cha m'ma 150 mpaka 1150 ndi ina kuyambira cha m'ma 1400 mpaka 1675.

Komabe dziwe ndi mboni imene inakhala pamalo amodzi, ndipo umboni wake uyenera kufunsidwa mafunso. Katswiri wa za magombe Ervin Otvos anatsutsa poyera zotsatira za Western Lake, ponena kuti mchenga ukhoza kulowa m'dziwe m'njira zina, monga kuuluzidwa ndi mphepo kapena kugumuka kuchokera m'milu yozungulira, ndiponso kuti palibe angatsimikize kuti milu ya mchenga ya zaka 3,000 zapitazo inali yaitali ngati ya lero. Mfundo yachiwiriyi ndi yolimba. Mulu ukakhala waufupi, namondwe wamba amaulumpha, ndipo namondwe mmodzi akaugumula, otsatira ake amalowa mosavuta kwa zaka zingapo. Kumpoto kwa Equator namondwe amazungulira mobwerera kumanzere, motero madzi amakwera kwambiri kudzanja lamanja la njira yake, ndipo wamphamvu wodutsa mbali inayo akhoza kusasiya kanthu pamene wofooka wodutsa pafupi asiya mchenga wambiri. Anamondwe awiri obwera motsatana chaka chimodzi amaoneka ngati mmodzi. Nkhanu ndi mizu zimasokoneza mizere yopyapyala. Mu 2021 Elizabeth Wallace ndi anzake, kuphatikizapo Emanuel ndi Donnelly, anayerekeza pa kompyuta anamondwe zikwizikwi odutsa ku Bahamas n'kupeza kuti pamalo amodzi, zaka 100 zaukali kapena zabata zikhoza kuchitika mwangozi chabe nyengo isanasinthe n'komwe. Ndimawalemekeza chifukwa chosindikiza chinthu chochepetsa mphamvu ya ntchito yawo yomwe, ndipo phunziro lake n'lakuti munthu asamange mfundo yaikulu pa dziwe limodzi, koma aphatikize madziwe ambiri a m'gombe lonse.

Vuto lina ndi tsunami, mafunde aakulu amene kawirikawiri amayamba ndi chivomezi cha pansi pa nyanja, amenenso amanyamula mchenga wa pagombe kupita nawo kumtunda. Chitsanzo chili pafupi nafe, ku Pangani m'dziko la Tanzania, kumene Vittorio Maselli ndi anzake anapeza mzere wa mchenga wa zaka pafupifupi 1,000 wokwirira mudzi wa asodzi, muli mafupa a amuna, akazi ndi ana amene sanaikidwe mwamwambo. Mu 2020 analengeza kuti chinali tsunami, ndipo chimodzi mwa zimene zinawathandiza n'chakuti mchenga wa msinkhu womwewo unapezeka kale m'magombe ena a nyanja ya Indian, kutali kum'mawa. Ku Japan zinayenda mwina. Woodruff anapeza mizere iwiri m'nyanja yaing'ono ya Daija, kufupi ndi Kyushu, ya zaka zogwirizana ndi 1274 ndi 1281, pamene mbiri ya dzikolo imati mphepo zamkuntho zinaphwanya zombo za Kublai Khan, mfumu ya a Mongol imene inkafuna kulanda Japan, nkhani imene olemba mbiri ena ankaiona ngati yokokomeza.

Mboni zomveka bwino kwambiri zapezeka m'maenje akuya a pansi pa nyanja, amene kale anali mapanga a m'miyala ya laimu, madzi a m'nyanja asanakwere n'kuwamiza. Lotchuka ndi Great Blue Hole ku Belize, lotambalala mamita pafupifupi 300 ndi lakuya mamita oposa 120. Pansi pake palibe mpweya wa okosijeni, choncho palibe chamoyo chofukula matope, ndipo amayalana chaka ndi chaka mosasokonezeka, pamene namondwe akadutsa amagwetseramo zibenthu za makorali (miyala yopangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja) ndi zigoba zooneka msanga. Mu 2022 gulu lotsogozedwa ndi akatswiri a ku Goethe University ya ku Frankfurt linazula matope otalika mamita 30, ndipo mu 2025 linalengeza kuti linawerenga anamondwe 574 pa zaka 5,700. Chiwerengero chinkakwera pang'onopang'ono kuchoka pa anamondwe pafupifupi 4 kufika pa 16 pa zaka 100 zilizonse, koma m'zaka 20 zomalizira zokha munali 9. Apa zinthu ziwiri zija zikuonekera m'paipi imodzi, kusintha kwachilengedwe kwa zaka zikwi ndi kudumpha kwa posachedwapa.

Pafupifupi zonse zimene ndatchulazi zachitikira ku America, ku Caribbean ndi ku Japan, ndipo ku Australia Jonathan Nott wachita zofanana powerenga milu ya zibenthu za makorali imene anamondwe anaunjika m'magombe a Queensland. Kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian, kumene kumachokera anamondwe athu, mbiri zotere n'zochepa kwambiri. Chonsecho funso limene zimayankha ndi lomwe anthu akhala akufunsana kuyambira pamene Idai anagwera mzinda wa Beira mu Malichi 2019, Ana ndi Gombe natsatira mu 2022, kenaka Freddy mu Malichi 2023, amene anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe aliyense wolembedwa, ndipo kuno kwathu anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo atakwiriridwa ndi matope ochokera m'phiri la Soche ndi m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe. Kodi zimenezi n'zachilendo, kapena ndi nyengo yaukali imene inakhalapo kale ndipo yabweranso? Akuluakulu amakumbukira napolo wa ku Zomba wa 1946 ndi wa ku Phalombe wa 1991, koma kukumbukira kwa anthu sikufika zaka 1,000. Gombe la Mozambique lili ndi madziwe ambiri obisala kuseri kwa milu ya mchenga, monga a ku Bilene, Quissico ndi Vilankulo, ndipo ndi kumene munthu angayambire kuzika mapaipi, ngakhale kuti milu ina kumeneko ndi yaitali kwambiri moti mafunde sangailumphe.

Kwa ife a kumtunda nkhani ndi yovutirapo, chifukwa namondwe satipha ndi mafunde koma ndi mvula, ndiye chizindikiro chake chiyenera kufunidwa mu mchenga wa mitsinje yosefukira. Luso lowerenga matope si lachilendo m'dziko muno. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja ya Malawi mamita pafupifupi 380 n'kutulutsa mbiri ya zaka zoposa 1 miliyoni, imene inaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunali zilala zimene zinatsitsa nyanjayi ndi mamita mazanamazana. Kunsi kwa mamita pafupifupi 250 madzi a nyanjayi alibe okosijeni, ndipo chakumpoto matope ake amayalana mwadongosolo chaka ndi chaka. Koma mvula ya anamondwe imagwa kwambiri kum'mwera, ndipo madzi ake salowa m'nyanja ya Malawi. Ena amatsikira mu Shire ndi Ruo kupita ku Zambezi, kudzera ku Elephant Marsh ndi ku Chiromo, kumene mitsinje imasintha njira ndipo mvuu zimapondaponda matope. Ena amathera m'nyanja ya Chilwa, yosaya, imene inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo nthawi iliyonse ikaphwa matope ake amang'aluka, ng'ombe zimayendapo ndipo mphepo imauluza a pamwamba. Wofufuza amene angafune kuwerenga anamondwe akale a ku Malawi adzayenera kuyamba wapeza thamanda lakuya ndi losaphwa m'chigawo cha kum'mwera, n'kutsimikiza kaye kuti mchenga wa Freddy ndi wa 1991 ukuonekamo, asanakhulupirire mzere uliwonse wa kunsi kwake.